Ushahidi: chida chabwino chosonkhanitsira umboni wa nzika, koma mkonzi mudzapeze nokha

Pa zida zonse zimene zidapangidwa n'cholinga choti nzika wamba zizifotokoza zokha zimene zaona, osadikira kuti mtolankhani afike kaye ndi kamera, Ushahidi ndi chimodzi mwa zochepa zimene zakhalitsa, ndipo mbiri yake yatalika mokwanira moti munthu angathe kuchiweruza poyang'ana ntchito zake m'malo mwa malonjezo. Iyi ndi pulogalamu ya pa intaneti imene imalandira malipoti kuchokera kwa anthu ambirimbiri, kudzera pa SMS, pa imelo, pa fomu ya pa intaneti kapena pa pulogalamu ya pa foni ya m'manja, kenako n'kuwaika pa mapu molingana ndi malo komanso nthawi imene chinthucho chidachitika. Maganizo anga ndiwaneneretu. Pa ntchito yosonkhanitsa ndi kusanja mawu a anthu, chidachi n'chabwino kwambiri, koma ntchito yolemetsa ya utolankhani, yomwe ndi kutsimikiza ngati zonenedwazo n'zoona ndi kuteteza amene wazinena, chimaisiya m'manja mwa wochigwiritsa ntchito, ndipo gulu limene silidakonzekere mtolo umenewu limauzindikira zinthu zitavuta kale.

Chidachi chidabadwa m'masiku oipa. Dziko la Kenya lidachita chisankho pa 27 Disembala 2007, ndipo pa 30 Disembala bungwe loyendetsa zisankho lidalengeza kuti Mwai Kibaki wagonjetsa Raila Odinga, zotsatira zimene otsutsa adazikana ponena kuti mavoti aberedwa. Kibaki adalumbiritsidwa madzulo a tsiku lomwelo, boma lidaletsa wailesi ndi makanema kuulutsa nkhani pompopompo, ndipo zipolowe zidabuka ku Kisumu, ku Eldoret, m'madera ena a Nairobi, kenako ku Nakuru ndi ku Naivasha. Komiti yofufuza imene idatsogoleredwa ndi Jaji Philip Waki idapeza pambuyo pake kuti anthu 1,133 adaphedwa, pamene masauzande mazanamazana adathawa m'makomo mwawo. M'masiku amenewo, pamene nyumba zoulutsira mawu zidali zomangika pakamwa, anthu ambiri adatembenukira kwa nzika zimene zinkalemba nkhani za ndale pa masamba awoawo a pa intaneti, ndipo mmodzi wa iwo adali Ory Okolloh, loya wa ku Kenya amene tsamba lake linkatchedwa Kenyan Pundit. Owerenga adayamba kumutumizira zimene ankaona m'madera mwawo, ndipo mauthengawo adachuluka mpaka kumuposa mphamvu. Apo m'pamene adapempha poyera ngati pangapezeke akatswiri a makompyuta oti aike malipotiwo pa mapu. Erik Hersman, David Kobia ndi Juliana Rotich adagwirizana naye, ndipo m'masiku ochepa chabe, mu Januwale 2008, tsamba loyamba la Ushahidi lidayamba kugwira ntchito.

Mbiri imeneyi ndaifotokoza motalikirapo chifukwa ndi imene ikulongosola mphamvu ndi kufooka kwa chidachi mpaka lero. Wolemba nkhani za ndale payekha amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Amalandira zimene anthu akumuuza, komanso amaziyeza ndi nzeru zake, podziwa kuti uyu ndi wodalirika, uyu amakonda kukometsera, ndipo uyu akulankhulira chipani. Owerenga amamukhulupirira chifukwa akhala naye zaka zambiri ndipo amadziwa kumene amapendekera. Chimene Ushahidi idachita ndi kutenga ntchito yoyamba ija, yolandira, n'kuikulitsa kuti ithe kunyamula mawu a anthu masauzande. Ntchito yachiwiri, yoyeza, singakulitsidwe ndi makina mwanjira yomweyo, ndipo aliyense wofuna kugwiritsa ntchito chidachi ayenera kuyamba walingalira kuti ntchitoyo adzaigwira ndani.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Woyendetsa mapu amakonza fomu yokhala ndi mafunso amene akufuna, monga chimene chachitika, malo, nthawi ndi chithunzi ngati chilipo, ndipo amagawa malipoti m'magulu, mwachitsanzo ziwawa, kuopseza ovota, kuchedwa kutsegula malo oponyera voti, kapena kusowa kwa zipangizo. Lipoti likalowa likhoza kudikira kaye pamalo osaonekera kwa anthu onse mpaka wina ataliwerenga ndi kulivomereza, ndipo woyendetsa amatha kugawa maudindo kuti ena aziwerenga chabe, ena azikonza, ena aziloleza kuti lituluke. Malipoti onse angathe kutulutsidwa m'fayilo ya CSV kuti aunikidwe ndi mapulogalamu ena owerengera. Mbali imene ndimaiyamikira kwambiri ndi ya SMS. Zida zambiri zamakono zimayamba ndi kuganiza kuti aliyense ali ndi foni yodula ndiponso intaneti yodalirika, pamene Ushahidi kuyambira pachiyambi idaganizira munthu amene ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo yakhala ikulumikizidwa ndi zida zolandirira mauthenga monga FrontlineSMS ndi SMSSync. Pa nkhani ya ndale zimenezi si zazing'ono, pakuti anthu amene amaponderezedwa kwambiri nthawi zambiri ndi omwewo amene alibe intaneti.

Chinanso choyamikirika n'chakuti malangizo a pakompyuta amene adapangira pulogalamuyi ndi otseguka kwa aliyense ndipo amapezeka pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo malangizo otere, kotero gulu lokhala ndi katswiri wake lingathe kuiika pa seva yakeyake, kompyuta yosungira zinthu za pa intaneti, n'kumasunga lokha mayina ndi manambala a anthu amene akulitumizira nkhani. Gulu lopanda katswiri lingagwiritse ntchito malo amene bungwe la Ushahidi limasamalira lokha. Njira yachiwiriyi ndi yofulumira, koma yoyamba ija ndiyo yoyenera kwa amene akutola nkhani zimene boma lingafune kudziwa kuti zachokera kwa yani, malinga ngati akudziwadi kuteteza seva, chifukwa seva yosasamalidwa bwino ndi yoopsa kuposa yobwereka.

Nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani sizidachedwe kuchiyesa chidachi. Al Jazeera idachigwiritsa ntchito pa nkhondo ya ku Gaza mu Januwale 2009, The Washington Post idachigwiritsa ntchito mu Febuluwale 2010 kuti anthu anene misewu imene idatsekeka ndi chipale chofewa, ndipo BBC idachita chimodzimodzi m'chaka chomwecho pa sitalaka ya ogwira ntchito pa sitima zapansi panthaka ku London. Zitsanzo za chipale ndi sitalaka zikuonetsa malo amene chidachi chimayenda popanda chopunthwitsa: palibe amene amapindula ponama kuti msewu watsekeka, ndipo bodza likalowa silipha munthu. Nkhani za ndale ndi zina, popeza kumeneko wonama amakhala ndi chifukwa chonamira, ndalama zonamira, ndiponso anzake omuthandiza kubwereza bodzalo kuchokera pa manambala osiyanasiyana.

Ntchito imene idatchukitsa Ushahidi padziko lonse ndi ya ku Haiti, chivomerezi chitagwedeza dzikolo pa 12 Januwale 2010. Patrick Meier ndi ophunzira anzake pa Fletcher School ya Tufts University, kufupi ndi Boston, adatsegula mapu, ndipo nambala yaifupi ya 4636 idakhazikitsidwa kuti anthu a ku Haiti azitumizako mauthenga mwaulere. Mauthenga ambiri adali m'Chikiliyo cha ku Haiti, choncho anthu ochokera kudzikolo okhala m'mayiko ena adadzipereka kuwamasulira ndi kulozera malo enieni amene akutchulidwa, pamene ongodzipereka a OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angawakonze, ankajambula misewu ya Port-au-Prince imene sidali pa mapu. Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati chipambano cha makina, koma ine ndikamaiwerenga ndimaonamo khamu la anthu osagona tulo, aliyense akuwerenga uthenga umodziumodzi, kuumasulira, kuufunafuna pa mapu ndi kuuika m'gulu loyenera. Pulogalamuyo idawapatsa malo amodzi ogwirira ntchito limodzi ali kutali, ndipo umenewu ndi mwayi waukulu, koma popanda khamu limenelo mauthenga aja akadangounjikana osawerengedwa.

Umboni wa zimenezi udaonekera bwino bungweli litatsegula Crowdmap mu 2010, njira imene inkalola aliyense kukhazikitsa mapu ake m'mphindi zochepa. Kafukufuku wa bungwe la Internews wa mu 2012, amene adaunika mapu oposa 12,000 a pa Crowdmap, adapeza kuti 93 mwa mapu 100 alionse adali ndi malipoti osafika 10. Ena mwa mapuwo mosakayika adali a anthu ongoyesa, koma chiwerengerocho chikunenabe kanthu. Nkhokwe yomangidwa bwino sidzidzaza yokha. Anthu satumiza nkhani ku nambala imene sadaimvepo, ndipo ngakhale aimve, satumiza kwa munthu amene sakumudziwa kapena amene sakuoneka kuti achitapo kanthu. Wolemba nkhani za ndale amene wakhala akulemba kwa zaka amakhala kale ndi owerenga omukhulupirira, n'chifukwa chake mapu oyamba a ku Kenya adapeza anthu owadyetsa. Gulu latsopano liyenera kumanga chikhulupiriro chimenecho kudzera pa wailesi, m'misonkhano ndi m'mabungwe amene ali kale pakati pa anthu, ndipo imeneyi ndi ntchito ya miyezi imene pulogalamuyi singaifupikitse.

Tsopano ndifike pa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chomwe ndi maonekedwe a mapu enieniwo. Mphekesera ikamveka pakamwa pa munthu, womva amaiyeza poona nkhope ya wolankhula ndi kukumbukira mbiri yake. Mphekesera yomweyo ikasanduka kadontho kofiira pa mapu, kokhala ndi tsiku, ola ndi dzina la dera, imavala ulemu umene sidaugwirire ntchito, ndipo woona amaitenga ngati nkhani yotsimikizika. Pulogalamuyi imapereka njira yosonyezera kuti lipoti launikidwa kapena ayi, koma mtolankhani wofulumira amene wajambula chithunzi cha mapuwo kuti achiike m'nkhani yake sanyamula kusiyana kumeneko, ndipo owerenga ake amangoona dera lofiira. M'nyengo ya chisankho, pamene mitima ili m'mwamba, kadontho konena kuti anthu a mtundu wina aphedwa pamalo akuti kangathe kuyambitsa kubwezera kumene sikukadachitika, ndipo kukonza lipotilo mawa lake sikuukitsa wakufa. Vutoli si la Ushahidi yokha, koma chida chimene chimasandutsa mawu kukhala chithunzi chooneka ngati cha akatswiri chili ndi udindo wokulirapo, ndipo ndikadakonda kuti kusiyana kwa chotsimikizika ndi chongomveka kuzikhala chinthu choyamba kugwira diso, chimene woyendetsa sangathe kuchibisa ngakhale atafuna.

Njira yabwino yothana ndi vutoli idaonetsedwa ndi a ku Kenya omwewo kudzera mu ntchito yotchedwa Uchaguzi, imene idagwiritsidwa ntchito pa referendamu ya malamulo oyendetsera dziko pa 4 Ogasiti 2010, komanso pa zisankho za 2013 ndi 2017. Kumeneko malipoti a anthu wamba adaphatikizidwa ndi a anthu ophunzitsidwa kuyang'anira chisankho ochokera m'mabungwe omwe si aboma, kotero uthenga wokayikitsa ukalowa, panali munthu wodziwika kuderalo amene akadaimbiridwa foni kuti akaone ndi maso. Padalinso magulu osiyana a omasulira, olozera malo, otsimikiza ndi otumiza nkhani zadzidzidzi kwa amene angachitepo kanthu. Munthu wodziwa utolankhani akayang'ana dongosolo limeneli amazindikira msanga kuti ndi chipinda cholembera nkhani chokhala ndi atolankhani, akonzi ndi malamulo ake, kungoti sichikutchedwa choncho. Apa m'pamene mkangano wakale woti kodi nzika zolemba pa intaneti zilowa m'malo mwa atolankhani umandionekera wopanda pake, pakuti nzika zikafuna kuti umboni wawo ulemekezedwe zimakakamizika kuphunzira mwambo womwewo wa atolankhani, wofunsa mboni yachiwiri ndi kudikira ngakhale mtima ukufulumira.

Pali msampha wina umene ngakhale gulu losamala lingagweremo, nawo ndi kuwerenga timadontho ngati chiwerengero cha zochitika. Dera lokhala ndi malipoti ambiri likhoza kukhala lomwe kuli mavuto ambiri, koma likhozanso kungokhala lomwe kuli netiweki yabwino, achinyamata ophunzira, kapena wailesi imene idalengeza nambalayo. Dera loyera pa mapu likhoza kukhala la mtendere, kapena lomwe anthu ake agwidwa ndi mantha moti sangayerekeze kugwira foni. Pachifukwa chimenechi mapu a Ushahidi sangayankhe funso loti kodi chisankho chaberedwa kapena ayi. Funso limenelo limafuna njira ina, imene oyang'anira chisankho amatumizidwa ku malo oponyera voti osankhidwa mwa masamu kuti aimire dziko lonse, kenako zotsatira zawo n'kuyerekezedwa ndi zimene bungwe loyendetsa zisankho lalengeza. Chimene mapuwa angathe kuchita ndi kulozera mtolankhani kapena loya kumene ayenera kupita kukafunsa, ndipo ntchito imeneyi amaigwira bwino.

Za chitetezo cha otumiza nkhani ndinene mosapsatira mawu. Uthenga wa SMS umadutsa m'makina a kampani ya mafoni wosabisika, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limafuna kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, kotero boma lofuna kudziwa amene adanena za asilikali ake silivutika kwenikweni. Ngakhale dzina lichotsedwe, lipoti lotchula mudzi waung'ono, ola lenileni ndi zimene mboniyo idaona ili pakhomo pake lingathe kuiulula kwa aliyense wodziwa deralo. Pa nkhondo ya ku Libya mu 2011, nthambi ya United Nations yoona za thandizo ladzidzidzi, OCHA, idapempha gulu la ongodzipereka la Standby Task Force kuti likonze mapu, ndipo iwo adasunga mapu athunthu mobisa, pamene oonekera kwa anthu onse ankachedwetsedwa ndi maola 24 ndiponso kuchotsedwa zimene zikadaika anthu pangozi. Umenewu ndi mwambo woyenera kutengera, ndipo pulogalamuyi ili ndi zokwanira zoti gulu lichite zotero, koma siikakamiza aliyense. Tisaiwalenso kuti boma lingathe kungotseka intaneti yonse, monga zidachitikira ku Egypt mu Januwale 2011 ndi ku Uganda mu Januwale 2021, ndipo gulu limene lidaika chiyembekezo chake chonse pa mapu limatsala manja ali m'khosi pa tsiku limene mapuwo ankafunika kwambiri.

Kwa omenyera ufulu, funso lalikulu ndi loti malipoti akasonkhanitsidwa chimatsatira n'chiyani. Chitsanzo chimene ndimachiona chanzeru ndi HarassMap, ntchito yogwiritsa ntchito Ushahidi imene idayamba ku Egypt mu 2010 kuti amayi azinena malo amene achitidwa zachipongwe m'misewu. Oyendetsa ake sadathere pa mapu. Ankatenga umboniwo n'kupita nawo m'madera kukalankhula ndi eni mashopu, alonda a nyumba ndi anthu ena okhala m'misewumo tsiku lonse, kuwaonetsa kuti zimenezi zikuchitika pakhomo pawo ndi kuwapempha kuti asamangoyang'ana. Mapu adali chiyambi cha kukambirana pamaso ndi pamaso. Kumene kulibe dongosolo lotere, munthu amene adadziika pangozi potumiza lipoti samva kanthu kalikonse, ndipo ulendo wina satumizanso. Nkhani ya ku Kenya nayo imatiletsa kunyadira mopitirira muyeso: zipolowe zidaleka chifukwa cha mgwirizano wogawana mphamvu umene Kofi Annan adaukhalira pakati, wosainidwa pa 28 Febuluwale 2008, ndipo milandu imene idapita ku khoti la International Criminal Court ku The Hague idatha popanda wopezeka wolakwa, wa Uhuru Kenyatta utachotsedwa mu Disembala 2014 ndipo wa William Ruto utathetsedwa mu Epulo 2016. Umboni wosonkhanitsidwa pa mapu ndi umboni woima m'khoti ndi zinthu zotalikirana, ndipo gulu lisalonjeze otumiza nkhani chilungamo chimene silingathe kuchipereka.

Wina angafunse ngati chidachi chikufunikabe masiku ano pamene aliyense amaponya zithunzi ndi mavidiyo pa WhatsApp, Facebook, TikTok ndi X. N'zoona kuti anthu sadzasiya malo amene anzawo ali kuti akadzaze fomu kwina, ndipo pa liwiro lofalitsa nkhani Ushahidi singapikisane ndi makampani amenewa. Komabe malo amenewo adapangidwa kuti aonetse zimene zikukoka maso panthawiyo, ndipo zimene zidalembedwa sabata yatha zimamira, zina zimafufutidwa ndi eni kampani, pamene mwayi woti mapulogalamu ena azikoka zolembedwazo ungatsekedwe tsiku lililonse, monga X, yomwe inkatchedwa Twitter, idachitira mu 2023 posiya kuupereka mwaulere. Ushahidi imasunga lipoti lililonse ndi malo ake, nthawi yake ndi gulu lake, m'njira yoti mtolankhani wofufuza angabwererenso patapita chaka n'kufunsa kuti ndi madera ati amene adanena za kuopsezedwa chisankho chisanachitike. Kwa wolemba nkhani za ndale payekha, amene mauthenga a owerenga amamuchulukira ngati momwe adachulukira kwa Okolloh, umenewu ndi mwayi weniweni, popeza zimene zikadatayika m'foni mwake zimakhala zosanjidwa.

Chotero chidachi ndingachilimbikitse kwa nyumba yofalitsa nkhani, mgwirizano wa mabungwe oyang'anira chisankho, kapena gulu la omenyera ufulu limene lili kale ndi anthu odalirika m'madera, lili ndi munthu wodziwa kusamala seva ndi manambala a mboni, ndipo lagwirizana chisankho chisanafike kuti lipoti lotsimikizika ndi lotani, ndani ali ndi mphamvu yolitulutsa, ndiponso uthenga wonena kuti moyo wa munthu uli pangozi upita kwa yani. Sindingachilimbikitse kwa munthu mmodzi amene wapsa mtima ndi zimene waona ndipo akufuna kutsegula mapu usiku womwewo, chifukwa adzapeza mapu opanda kanthu, kapena odzaza ndi zimene sangathe kuzitsimikiza. Gulu limene lili pakatikati, lokhala ndi anthu ochepa koma odziwika, lingachite bwino kuyamba ndi fomu yotsekedwa imene amadzaza oyang'anira ake okha, n'kudzatsegulira anthu onse pokhapokha litapeza owerenga okwanira kuti lipoti lililonse lidutse m'maso mwa munthu lisanafike pa mapu.